Swichi ya a Masita Daka

Leticia anafika kwa makolo ake ku Nabvutika, komboni ya m'tauni ya Chipata, dzuwa lili paliwombo, mwana ali kumbuyo, diso lamanzere litatsekeka ndi kutupa. Bambo ake, a Boaz Daka, anali pakhonde akupaka mankhwala m'mawondo. Atamuona anadzambatuka, kuiwala kuti mawondo awowo sakonda kudzidzimutsidwa. Sanafunse kuti wachita zimenezi ndani. Aka sikanali koyamba, ndipo aliyense pakhomopo ankalidziwa dzanja la Israel, mkamwini wawo wa ku Mwami, kumalire ndi dziko la Malawi.

Mayi ake, a Magalita, analandira mwana, nalowetsa Leticia m'nyumba. Atatuluka anaima pamaso pa amuna awo, manja ali m'chiuno.

"Mwamuona, atate ake Leti? Uyu sabwererako. Olo abwere ankhoswe onse a mu Chipata muno, sabwererako. Munthu uja azatiphera mwana."

A Daka anakhalanso pansi. Mtima unkawawawa zedi, chifukwa Leticia anali mwana wawo wamkazi yekhayo, ndipo ankamukonda mopanda manyazi. Koma m'mutu mwawo munali kale yankho lina, ndipo yankho limenelo silingamveke kwa munthu wosadziwa kumene a Daka anachokera.

Anabadwira m'mudzi wa alimi a thonje cha ku msewu wa ku Chadiza. Khasu silinawakonde, iwonso sanalikonde. Anabwera m'tauni ali mnyamata nayamba kusenza katundu m'mashopu a amwenye. Boaz wa masiku amenewo anali wamfupi, wochepa thupi, woti akasenza thumba la shuga anthu ankangoona thumba likuyenda lokha. Anzake a pa ntchito ankamugwetsera chipewa, kumulanda chigumu, kumukankhira m'ngalande, iye n'kumangoseka nawo kuseka kwa munthu wosowa chochita. Ndiye tsiku lina anaona msilikali wina wopuma ntchito akuphunzitsa anyamata karate kuseri kwa sukulu, ndipo anaima pampanda mpaka msilikaliyo anatopa naye n'kumuitana.

Zimene anaphunzira kumeneko zinali zenizeni, ndipo pasapezeke wina wonena kuti a Daka anali munthu wabodza. Anakhetsa thukuta zaka zambiri. Anathyokapo nthiti, anataya dzino. Anadziwa kutchinga nkhonya, kuponya theche, kugwa osavulala. Chipewa chawo sichinagwetsedwenso. Atakwatira a Magalita n'kupeza ntchito yaulonda, anayamba kuphunzitsa okha pa bwalo la kuseri kwa tchalitchi ku Nabvutika, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo linakhala a Masita. Anyamata ambiri anasiya kachasu chifukwa cha bwalo limenelo. Lamulo lake linali lolimba: polowa uwerame, a Masita akalankhula usayankhe, ukamenya munthu kunja usabwerenso. Iwo eni sanamenyepo munthu m'khwalala, ndipo akazi awo sanawalozepo ngakhale chala. Kumphakati, kumene akhristu oyandikana amasonkhana kupemphera, anthu anawasankha kukhala mlangizi wa mabanja.

Swichi inabwera mochedwa, mawondo atayamba kudandaula. Nthawi imeneyo a Daka ankalondera pamalo ena ogonapo mathiraki, ndipo panali dalaivala wina amene galimoto yake inafera pomwepo, akudikira zitsulo zochokera kutali. Munthuyo anali wa pakamwa potsekemera. Atamva kuti mlonda amadziwa karate, anaseka n'kunena kuti mateche ndi ntchito ya anthu osadziwa thupi. Anati munthu ali ngati wailesi, ali ndi swichi yake. Kenako, osachenjeza, anamiza chala chachikulu pa kadzenje kamene kali pomwe khosi limakumana ndi phewa. A Daka anamva moto ukutsika mpaka m'chigongono, mkono unachita dzanzi, ndipo chifukwa chodzidzimuka anakhala pansi. Atadzuka anali munthu wotembenuka mtima. Kwa mphunzitsi amene mwendo wake unayamba kukana kukwera, uthenga woti chala chimodzi chikhoza kugwira ntchito ya theche unali wokoma kuposa uchi.

Woyamba kuyeserapo anali Stanley, chimunthu chachitali, cha mapewa otambalala, chimene a Daka anachitola chikugona m'ngalande ndi mowa, nachipezera malo ophunzira kuwotcherera zitsulo. Anamuimika pakati pa bwalo, ophunzira onse akuyang'ana, nakanikiza. Stanley anagwa ngati thumba la chimanga. Atagwa Stanley anagwa wachiwiri, anagwa wachitatu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wophunzira amene anaimapo pansi pa chala cha a Masita. Pa zikondwerero za parishi anthu ankadzaza bwalo kudzaona kamunthu kakafupi kakugwetsa zimphona ndi chala chimodzi, amayi akululutira. Ana a ku Nabvutika akakumana nawo panjira ankabisa makosi m'mapewa n'kuthawa akuseka. Palibe amene anadzifunsa chifukwa chake ogwa onse anali ophunzira awo okhaokha. Iwonso sanadzifunse. Akanayesera pa yani, poti sanali munthu wa ndewu?

Ndiye munthu ameneyu ndi amene anakhala pakhonde tsiku lija, akumvetsera mwana wake akulira m'nyumba.

Ankhoswe anabwera monga mwa mwambo. Israel anabwera nawo, atavala shati yoyera imene inkavutika kutseka pakhosi. Ntchito yake inali yokonza matayala a mathiraki pachipata cha Mwami, ndipo thupi lake linali la munthu wodzuka ndi nyundo n'kugona ndi nyundo. Anagwada. Anati ndi mowa, si iye. Anati akalapa kwa abambo mfumu. Ankhoswe anagwedeza mitu, nanena mawu amene amanenedwa nthawi zonse: banja ndi kupirira, mwana akufunika bambo wake, ukwati wa pa guwa suthetsedwa ngati wa pamsika. Mawu amenewa a Daka ankawadziwa bwino, chifukwa iwo eni anawanenapo m'nyumba za anthu ena kosawerengeka. Akanayang'ana bwanji anthu a kumphakati, mlangizi wa mabanja mwana wake ali pakhomo banja litamukanika?

Alendo atapita, a Magalita anatsekereza amuna awo pakhomo.

"Mwavomera? Mufuna akabwere mu bokosi?"

"Amake Leti, sinim'tumiza chimanjamanja," anatero a Daka. "Nizam'patsa swichi. Akangotukula dzanja uja, Leti azam'khazika pansi na chala chimodzi. Akazagwa kamodzi chabe pamaso pa mkazi wake, sazayesanso."

Ananena izi ndi mtima wonse. Swichi sanaiphunzitsepo munthu aliyense, ngakhale Stanley, poopa kuti anyamata angakaseweretse. Kwa iwo, kuipereka kwa Leticia kunali kupereka chuma chachikulu koposa chimene anali nacho pa dziko lino.

Anayamba mawa lake kuseri kwa nyumba. Anamuonetsa kadzenje kaja pakhosi pawo, anamuonetsa kaimidwe, kapindidwe ka chala, kuti akanikize cholozetsa pansi osati cham'mbali. Anamugulira dzungu laliwisi kuti azilikanikiza m'mawa ndi madzulo mpaka chala chikhwime. Leticia anali mwana womvera chibadwire. Ankakanikiza dzungulo mano ataluma mlomo, thukuta likutsika, ndipo khungu la dzungu linayamba kuoneka timaenje. A Magalita ankadutsa ndi ndowa yamadzi osatembenuka.

"Dzungu silimenya munthu," anatero tsiku lina, osayang'ana aliyense.

Tsiku lomaliza a Daka anaitana Stanley. Tsopano anali bambo wa banja lake, mwini kashedi kowotcherera zitsulo pafupi ndi msika, koma akaitanidwa ndi a Masita ankasiya moto uli chiyakire. Anaima pabwalo manja ali kumbuyo. Leticia anachita kunyang'ama pa zala kuti afike pakhosi pake. Anaika chala, anayang'ana bambo ake, anakanikiza. Stanley anaphethira, anayang'ana a Masita, anayang'ana diso la Leticia limene linali lisanaphwe bwino, kenako mawondo ake anapindika nagwa chafufumimba, fumbi n'kuti koboo.

Leticia anayang'ana chala chake ngati sanachionepo. Kenako anaseka, kuseka koyamba chibwerereni. A Daka misozi inalengeza. Mawa lake anamuperekeza okha kokwerera matakisi a ku Mwami, mwana kumbuyo, dzungu lili m'chikwama, ndipo pobwerera anayenda chifuwa chili patsogolo ngati masiku a unyamata wawo.

Masabata oyamba ankaimba foni. "Tili bwino, atate," ankatero Leticia, mwachidule, n'kudula. Kenako foni inasiya kulowa. A Magalita anasiya kudya bwino. A Daka ankawatonthoza kuti mafoni a ku Mwami amatero, amakonda kuthawira ku netiweki ya ku Malawi. Ankati ngati kuli zii ndiye kuti swichi yagwira ntchito.

M'mawa wina mawondo anawakaniratu kutsika pabedi, ndipo a Magalita anawakakamiza kupita kukiliniki. Anapeza dokotala wachinyamata, watsopano m'Chipata, wosadziwa kuti a Masita Daka ndi ndani. Anawagwiragwira mawondo, nafunsa kuti anawatani kuti aphwanyike chonchi. A Daka anati ndi karate. Ndipo poti munthu wonyadira chinthu sasowa poyambira, anawonjezera kuti masiku ano mateche anasiya, amangozimitsa munthu ndi chala.

Dokotala anasiya kulemba. "Kuzimitsa bwanji, atate?"

A Daka analongosola za swichi, naloza pakhosi pawo. Mnyamatayo sanaseke. Anamasula batani lapamwamba, nasendeza mpando wake pafupi.

"Taniyesani. Pamenepo palibe choopsa kwambiri. Kanikizani na mphamvu zanu zonse."

"Iyayi, a dokotala. Muzagwa, muzamenyetsa mutu pa tebulo."

"Nikagwa, nesi ali pafupi," anatero dokotala akuimirira.

A Daka anaika chala. Pofunafuna kadzenjeko sanavutike, anakapeza monga munthu amapezera pakamwa pake mumdima. Anakanikiza pang'ono, mwachifundo. Dokotala anangofinya nkhope. Anawonjezera mphamvu. Anakanikiza mpaka mkono wawo unanjenjemera, mpaka chikhadabo chinayera. Mnyamata woonda uja, woti Stanley akanamunyamula ndi dzanja limodzi, anali chiimire, akuwayang'ana.

"Zawawa," anatero akusisita phewa. "Kuwawa kwawawa zoona. Pamenepa padutsa mitsempha yopita ku mkono, ndiye mukafinya munthu amamva moto, mkono ungachite dzanzi pang'ono. Koma kuzima, iyayi. Munthu alibe swichi, atate."

"Mwina naphonya."

"Simunaphonye. Komanso ine nili phee, sininamwe, sininakwiye. Munthu wokalipa kapena woledzera samva na kumva. Muno timasoka mabala anthu ochoka ku mowa, ena amakhala akuimba nyimbo." Anakhala pansi natenganso cholembera. "Pali malo ena pambali pa khosi, pomwe padutsa magazi opita kumutu. Apo musamaseweretse. Wina angakomoke, wina angafe ziwalo, wina osamva kalikonse. Simungadziwiretu. Si chinthu chodalira."

A Daka nawonso anakhala pansi. Anamva mawu awo akutuluka ngati a munthu wina.

"Nanga mzimayi wochepa thupi, mwamuna wake ali wamphamvu, womwa, akam'finya pamenepo bwinobwino?"

Dokotala anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inasintha.

"Azangom'kwiyitsa. Mzimayi uyo achokepo, atate. Ndiye mankhwala amene nidziwa ine. Ni m'bale wanu?"

A Daka anadzuka natuluka. Pawindo lolandirira mankhwala anadutsa osaima. Panja anatulutsa foni naimbira Leticia. Sinalowe. Anaimbanso. Sinalowe. Mantha anawagwira, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chiyambire masiku a m'mashopu a amwenye. Komabe kamtima kena kankakana. Kankati dokotala ndi wa sukulu, mwina anadzilimbitsa mwanjira yake. Nanga anthu onse aja amene anagwa? Nanga Stanley? Anayamba kuyenda cholunjika kumsika, akutsimphina, osamva njinga zimene zinkawaimbira belu.

Stanley anali atawerama pa chitseko chachitsulo, moto ukuthetheka. Atawaona anazimitsa makina, nachotsa magalasi akuda, nawerama monga mwa lamulo la pabwalo.

"Imirira apa," anatero a Daka. Mpweya unali kuwathera. "Nizakufinya. Koma mvera bwino, Stanley. Ngati thupi lako silinagwe lokha, usagwe. Ukagwa mwadala lero, usazaponde pakhomo panga mpaka imfa."

Stanley anatuwa. "A Masita, chachitika n'chani?"

"Imirira."

Anaika chala nakanikiza ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi mwawo. Mumtima ankapemphera, pemphero lachilendo: Ambuye, agwe. Mayi Maria, agwe. Stanley anatsinzina, mitsempha inatuluka pamphumi pake. Mawondo ake anagwedezeka pang'ono chifukwa cha chizolowezi, kenako anawongoka. Anaima ngati mtengo wa magetsi, misozi ikutsika m'masaya.

A Daka anatsitsa dzanja. "Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba lija," anatero Stanley, maso ali pansi. "Kuwawa kumawawa, a Masita, sininama. Koma tsiku lija munaniyang'ana, anyamata onse ali kuyang'ana imwe. Nikanaima, nikanakuchititsani manyazi pamaso pa ana. Imwe amene munanitola mu ngalande? Sinikanakwanitsa. Anzanga ataona ine nagwa, nawo anaziwa chochita. Sitinapangane, iyayi. Aliyense amangoziwa yekha kuti kwa a Masita suima."

"Nanga kwa Leti? Leti ni Masita?"

"Ninaona diso lake," anatero Stanley. "Ninafuna alimbe mtima. Sininaganize kuti muzam'bweza zoona."

A Daka anafuna kumumenya, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo kumenya munthu ndi mkwiyo. Koma dzanja silinakwere. Anamuphunzitsa ndani mnyamatayu kuti a Masita akalankhula usayankhe? Zaka zonsezi ankaganiza kuti akugwetsa anthu ndi chala, pamene anthu ankangowapatsa ulemu, monga momwe mwana amaperekera mpando kwa wamkulu. Ndipo ulemu umenewo iwo anaukulunga bwinobwino n'kuupereka kwa mwana wawo kuti akadzitchinjirize nawo kwa munthu wa nyundo.

"Nipita ku Mwami," anatero.

Stanley anasiya chitseko cha mwini wake pomwepo nawatsatira, osafunsa ngati akufunidwa.

Takisi ya ku Mwami sinyamuka isanadzaze, ngakhale wokwera akhale akupsa moto. A Daka anakhala kumbuyo, Stanley atawapanikiza mbali imodzi, dalaivala ali panja akudya chinangwa n'kumaitanira anthu mwaulesi. Mayi wina anabwera ndi matumba a kaunjika, ndipo panayambika mkangano wautali wa momwe angawalowetsere kumbuyo. A Daka anatulutsa mutu pawindo.

"Mwana wanga, tiyeni, napapata. Kuli matenda."

"Aliyense ali na matenda, mdala," anayankha dalaivala. "Tidikire mmodzi chabe."

Kale akanangomuyang'ana n'kukweza chala mwanthabwala, ndipo wina pafupi akananong'oneza dalaivalayo kuti amenewo ndi a Masita Daka. Lero chala chinali pamwendo, chala wamba cha nkhalamba, cha chikhadabo chong'aluka. Anaimbanso foni. Sinalowe. Anaganiza zoimbira a Magalita, koma akanawauza chiyani? Kuti munanena zoona, dzungu silimenya munthu? Anatulutsa kolona m'thumba, koma mapemphero anasokonekera m'kamwa. Chimene chinkangobwera m'maso mwawo chinali Leticia atanyang'ama pa zala, akufikira khosi la Israel, nkhope yodzaza chikhulupiriro.

Msewu wa ku Mwami si wautali, koma tsiku limenelo unatalika. Takisi inkaima paliponse, kutsitsa uyu, kukweza uyo, kudikira wina amene anali akadali kutseka chitseko cha nyumba yake. Atayandikira chipata, mzere wa mathiraki unayamba, ndipo a Daka anatsika galimoto isanaime bwino.

A Daka anamuona Israel ali patali. Anali pa shedi yake m'mbali mwa msewu, malaya atavula, akumenya tayala la thiraki ndi nyundo yaikulu. Nyundo ikakwera, nyama za pakhosi ndi pamapewa zinkatukuka kukhala chinthu chimodzi. A Daka anayang'ana khosi limenelo, kufunafuna kadzenje kaja, ndipo sanakaone n'komwe. Anadutsa kuseri kwa mathiraki kuti asaonedwe, nauza Stanley kuti aime pakanjira kolowera kunyumba.

Nyumba inali ya chipinda chimodzi, kuseri kwa mashedi. Pakhonde panali dzungu, lina latsopano, khungu lake lodzaza timaenje tosazama. Mwana ankasewera ndi chivundikiro cha poto. A Daka anaodira, koma palibe amene anatuluka. Anazungulira kuseri, mtima uli m'mwamba.

Leticia anali moyo. Anakhala pa kampando, akuchapa zovala m'beseni ndi dzanja limodzi, lamanzere. Lamanja linali pachifuwa, lokulungidwa ndi kansalu ka chitenje, lotupa mpaka pamkono. Mlomo unali wong'ambika, bala litayamba kuuma. Atawaona anafuna kubisa dzanjalo kumbuyo, koma ululu unamuletsa. Anagwada.

"Atate. Mwabwera osanena."

"Foni yako ili kuti?"

"Anaiphwanya." Kenako mawu anatuluka mothamanga, ngati mwana wasukulu amene walephera mayeso. "Pepani, atate. Ninaphonya. Ninachita monga munaniphunzitsira, ninaima bwino, ninapinda chala, koma ninaphonya. Anangoseka. Ananigwira chala chija n'kuchipindira kumbuyo mpaka chinalira. Anati kauze atate ako abwere okha. Nikanapempha foni kwa aneba, koma manyazi. Munavutika kuniphunzitsa, munanipatsa chinthu chimene simunapatse munthu aliyense, ine n'kuchiwononga."

A Daka anamugwira paphewa kuti adzuke.

"Koma musadandaule," anapitiriza Leticia, akuimirira n'kupukuta dzanja lamanzere pachitenje. "Manje niphunzira na ili. Nayamba kale pa dzungu. Chabe nifuna munionetsenso malo, chifukwa mwina ninapita pambali. Taimani, nikuonetseni pamene ninam'gwira."

Asanamuletse, anali atafika kale. Sanafunike kunyang'ama, poti iye ndi bambo ake anali a msinkhu umodzi. Chala chake chonyowa, chonunkhira sopo, chinatsetsereka pa kolala n'kulowa m'kadzenje kaja ndendende, osapita pambali ngakhale pang'ono. Anakanikiza cholozetsa pansi, monga anaphunzitsidwira. Moto unatsika mpaka m'chigongono cha a Daka.

Leticia ankawayang'ana, akudikira. M'maso mwake munali kupempha, ndipo a Daka anamva mawondo awo akufuna kupindika okha. Pamenepo anamumvetsa Stanley. Kugwa kunali kosavuta. Akanangodzisiya, mwana wawo akanasekanso ngati tsiku lija, akanakhulupirira kuti dzanja lamanzere lakhoza, ndipo akanatsala m'nyumba muno kudikira tsiku lina loti ayesenso. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi, nalimbitsa miyendo.

"Si pamenepa, atate?"

"Ni pomwepo."

Leticia anawonjezera mphamvu, mano ataluma mlomo wong'ambikawo. "Nanga simukugwa bwanji?"

"Sunaphonye, Leti," anatero a Daka, misozi ikutsika osaibisa. "Na tsiku lija sunaphonye. Kulibe swichi, mwana wanga. Sinakhalepo. Tenga mwana, tiye kunyumba."

Leticia anachotsa chala pang'onopang'ono. Anayang'ana bambo ake, kenako anayang'ana dzanja lake lokulungidwa lija nthawi yaitali. Anawadutsa, nanyamula mwana ndi mkono umodzi, nalowa m'nyumba kukalongedza.

Kumsewu nyundo inali ikulirabe pa tayala. A Daka anakaima pakhomo, msana ku chitseko, nkhope kumene kunkachokera phokosolo. Nyundo ija itasiya kulira, anadziwa kuti Israel akhoza kutulukira, koma iwo sanasunthe.